Kodi Mabungwe Olera Aluso Achinyamata Akukweza Luso Kapena Akuliweta?

Wachinyamata amene wazindikira kuti dzanja lake limajambula, kapena kuti mawu ake amagwira anthu mtima, amapeza zokhoma zofanana kaya akukhala ku Ndirande, ku Chibavi kapena kumudzi kwa Kalumo ku Ntchisi. Penti wabwino amachokera kunja ndipo mtengo wake ndi woboola m'thumba. Gitala ya magetsi, kiyibodi ndi zokuzira mawu si zinthu zoti mwana wa mlimi wa fodya angagule ndi ndalama ya ganyu. Gulu la zisudzo limafuna chipinda chokonzekereramo, koma maholo a m'tauni ndi olipira, ndipo Loweruka ndi Lamlungu amakhala atatengedwa kale ndi maukwati ndi mapemphero. Ku pulayimale kuli phunziro la Expressive Arts, inde, koma m'sukulu zambiri limathera pa bolodi ndi choko. Mwana amalemba dzina la chida choimbira m'kope, chidacho asanachigwirepo n'kamodzi komwe.

M'malo amene boma ndi sukulu zasiya opanda kanthu mwalowa mabungwe. Ena ndi a mpingo, ena anayambitsidwa ndi aluso eniake, ndipo ambiri amayendera ndalama zochokera kunja. Ku Mua m'boma la Dedza kuli Kungoni. Ku Area 23 mu Lilongwe kuli sukulu ya nyimbo ya Music Crossroads. Ku Dzaleka kuli Tumaini. Ku Blantyre kwakhala kuli Nanzikambe ndi Solomonic Peacocks pa nkhani ya zisudzo. Mkangano umene umabuka aluso akakhala pansi okhaokha wagona apa: kodi wachinyamata amene wadutsa m'manja mwa bungwe amatulukamo ali waluso woima payekha, kapena amatulukamo atazolowera kudikira kuti auzidwe choti ajambule ndi choti aimbe? Mbali zonse ziwiri zili ndi anthu odziwa zimene akunena, ndipo palibe mbali yoti munthu angoitaya kunkhongo.

Oikira kumbuyo mabungwe amakonda kuyambira ku Mua, ndipo ali ndi chifukwa. Mishoni ya Mua inakhazikitsidwa mu 1902 ndi ansembe a chipani cha White Fathers. Kwa zaka zambiri mpingo ndi gule wamkulu sankamwerana madzi. Mkhristu wopezeka ku dambwe ankaimitsidwa masakramenti. Mu 1976 Bambo Claude Boucher, wansembe wochokera ku Canada amene anthu anamupatsa mfunda wa Chisale, anayambitsa Kungoni pamalo omwewo. Anthu a kumeneko ankadziwa kale kugwira kasemasema. Chimene ankasowa chinali malo okhalira pamodzi, zida zokwanira, ndi ntchito zikuluzikulu zoti munthu n'kutha nazo miyezi: maguwa a m'tchalitchi, zitseko, mitanda, ziboliboli za Mariya wa nkhope ya kwathu konkuno. Lero zosema za ku Mua zili m'matchalitchi ambiri m'Malawi muno ndi ku Ulaya komwe. Pambali pa osemawo pali nyumba ya Chamare, yosunga zigoba za gule mazanamazana pamodzi ndi mbiri ya Achewa, Angoni ndi Ayao. Pamene UNESCO inkalengeza mu 2005 kuti gule wamkulu ndi chuma cha anthu a dziko lonse lapansi, ku Mua anali atatha zaka pafupifupi 30 akumulemekeza.

Taganizani za wosema amene amagulitsa m'mbali mwa msewu ku Senga Bay kapena pafupi ndi positi ofesi ku Lilongwe. Iyeyu sangayerekeze kutha miyezi itatu pa chosema chimodzi, poti ana kunyumba akudikira ufa madzulo omwewo. N'chifukwa chake amasema njovu, mvuu, bawo ndi mpando wa mfumu, zomwe akudziwa kuti mlendo agula, ndipo mnzake woyandikana naye amasemanso zomwezo. Luso m'manja mwake lilimo. Bungwe likamuuza kuti chakudya cha miyezi itatu chilipo, iwe ingosema, ndiye kuti lamumasula ku nkhawa ya ufa wa lero, ndipo m'pamene timayamba kuona chimene munthuyo angathe. Pa mfundo iyi ine ndimagwirizana nawo ndi mtima wonse.

Amalozanso ku Balaka. Alleluya Band inabadwira pa parishi ya Katolika kumapeto kwa zaka za m'ma 1970, anyamata motsogozedwa ndi Paul Banda akuimba ndi zida zongopanga okha. Wansembe wa ku Italy, Bambo Mario Pacifici, anawathandiza kupeza zida zenizeni. M'menemo munatuluka Lucius Banda, Charles Sinetre, Coss Chiwalo, ndi kaimbidwe kamene kanalamulira makaseti a m'Malawi m'zaka za m'ma 1990. Lucius naye atakhazikitsa Zembani anapitiriza mwambo womwewo, kutenga achinyamata ngati Mlaka Maliro, Billy Kaunda ndi Wendy Harawa n'kuwaimika pamaso pa anthu. Parishi inapereka chipinda, magetsi ndi zida. Nyimbo anapeka ndi anyamatawo. Ndipo zimene zinatuluka pambuyo pake sizinali za m'tchalitchi zokha ayi. Lucius anadzudzula maboma otsatizana mpaka nyimbo zake zina zinaletsedwa pa wailesi ya boma. Munthu woleredwa ndi bungwe sanatuluke wogona khosi.

Music Crossroads inayamba ngati mpikisano wa magulu oimba achinyamata m'maiko a kumwera kwa Africa, pansi pa bungwe la Jeunesses Musicales International, ndipo opambana ankapita kukaimba ku Ulaya monga linachitira gulu la Body, Mind and Soul la ku Mzuzu. Mu 2013 anatsegula sukulu za nyimbo ku Lilongwe, Harare ndi Maputo. Kusintha kumeneku n'kwakukulu kuposa mmene kumaonekera. Mpikisano umakweza gulu limodzi pachaka, pamene sukulu imatulutsa oimba ng'oma, bezi ndi kiyibodi amene amakadzaza mabandi a anthu ena, makwaya ndi masitudiyo. Woimba wotchuka amene mumamuona kutsogolo amadalira anthu anayi kapena asanu kumbuyo kwake amene maina awo simuwadziwa, ndipo anthu amenewa amafunika wowaphunzitsa. Palinso nkhani ya atsikana. Kholo limene silingalole mwana wake wamkazi kukaphunzira gitala kwa anyamata a bandi ya kubala limatha kumulola kupita kumalo odziwika, okhala ndi mphunzitsi ndi nthawi yowerukira. Popanda malo otere atsikana ambiri akanathera pa kuvina ndi kuyankhira nyimbo kumbuyo, zida zili m'manja mwa amuna okhaokha.

Ku Dzaleka, kumene othawa kwawo saloledwa kutuluka n'kukagwira ntchito momasuka, mlakatuli wochokera ku Congo, Menes La Plume, anayambitsa chikondwerero cha Tumaini mu 2014. Kwa wovina kapena wojambula wa mumsasamo, masiku a chikondwererochi ndiwo amene khamu la anthu akunja limabwera kudzamuona. Kunena pamalo otere kuti waluso weniweni amadzitulukira yekha n'kumunyoza munthu amene sangapite n'komwe ku Lilongwe popanda chilolezo.

Koma otsutsa nawo sabwera chimanjamanja. Amati tchulani aluso amene Amalawi amawakonda kuchokera pansi pa mtima, kenaka muwerenge kuti ndi angati anatuluka mu wekishopu. Giddes Chalamanda, Allan Namoko, Daniel Kachamba, Michael Yekha, Evison Matafale: amenewa anaphunzira kwa achibale, m'misika, m'mabala ndi pa maukwati, pamaso pa anthu amene ukawaimbira zosakoma amangonyamuka n'kumapita. Kwathu Drama Group inkadzaza maholo ndi zisudzo za m'Chichewa, anthu akulipira pakhomo ndalama za m'thumba mwawo, mpaka mwana aliyense m'dziko muno ankadziwa Izeki ndi Jakobo. A Madalitso Band, Yobu Maligwa ndi Yosefe Kalekeni, anatha zaka akuimba m'misewu ya Lilongwe ndi babatoni wopanga okha. Kaimbidwe kawo kanakhwimira mumsewumo, ndipo otsutsa amati anyamatawa akanalowa msanga m'kalasi, wina akanawauza kuti gitala ya nsambo zinayi ndi yoperewera, n'kuwaphunzitsa kuimba ngati wina aliyense.

Mfundo yawo imene imandivuta kuiyankha ndi ya uthenga. Ndalama zambiri zimene zimafika kwa aluso kudzera m'mabungwe sizinatumizidwe kudzathandiza luso. Zinatumizidwa kudzalimbana ndi Edzi, maukwati a ana, kusintha kwa nyengo, nkhanza za m'banja kapena ziwawa za pachisankho, ndipo luso langobwerekedwa kuti linyamule uthengawo. Nkhani zimenezi ndi zofunika, palibe wokana. Koma taonani chimene chimamuchitikira wolemba masewero wa zaka 20 amene masewero ake onse oyambirira analembedwa motsatira pepala la bungwe. Amaphunzira kuti sewero limayamba ndi vuto, pakati pamabwera mlangizi kapena mfumu yozindikira, kumapeto woipa amalapa ndipo onse amaimba limodzi. Saphunzira kulemba munthu amene ali wabwino ndi woipa nthawi imodzi, poti munthu wotere amasokoneza uthenga. Saphunzira kusiya oonera akukangana okhaokha m'njira pobwerera kwawo, poti lipoti likufuna kunena kuti anthu amva ndipo asintha. Tsiku limene adzafune kulemba za chikondi, za nsanje ya pachibale, za maliro a mayi ake, amapeza kuti dzanja linazolowera njira imodzi. Uku ndiye kuweta kumene otsutsa akunena. Mbuzi ya pachingwe imadya ndithu, imanenepa, koma msipu umene imaudziwa umalekezera pamene chingwe chathera.

Amadandaulanso za ndalama ya pakhomo. Zoonetsa za mabungwe zimakhala zaulere, ndipo nthawi zina oonera amalandira chakumwa kapena ya thiransipoti. Anthu akazolowera zimenezi, gulu lodziimira palokha likabwera n'kunena kuti pakhomo pali kulipira limaoneka ngati ladyera. Achinyamata nawo amayamba kufunsa za alawansi asanafunse kuti sewero likukamba chiyani. Pulojekiti ikatha, gulu limabalalika sabata yomweyo, chifukwa chimene chinawasonkhanitsa chinali bajeti. Aliyense amene wakhalapo pafupi ndi zisudzo m'tauni zathu anaonapo magulu otere, a maina okoma ndi matisheti atsopano, amene chaka chotsatira palibe akuwakumbukira.

Nanga amalowa ndani? Fomu yopemphera thandizo imakhala m'Chingerezi, pa intaneti, yofuna bajeti, akaunti ya kubanki ndi satifiketi ya kaundula. Amene amadutsa pamenepa ndi wodziwa kulemba pulopozo, kaya kuumba, kuluka kapena kuimba bangwe amakutha pang'ono. Mayi woumba mbiya kumudzi, kapena mnyamata wovina beni ku Mangochi, samva n'komwe kuti kunali mwayi. Motero thandizo limazungulira pakati pa achinyamata omwewo a ku Lilongwe ndi ku Blantyre amene anafika ku koleji, ndipo nkhope zomwezo ndizo zimapezeka pa wekishopu iliyonse.

Pa zosema ndi zojambula, mbali zonse ziwiri zimakokerana chitsanzo cha ku Zimbabwe, kumene abale athu ambiri anapita kukagwira ntchito m'mafamu. Tom Blomefield anali mlimi wa fodya m'dera la Guruve. Malonda a fodya atasokonekera chifukwa maiko ambiri anakana kuchita malonda ndi boma la Ian Smith, mu 1966 anayambitsa Tengenenge, n'kulimbikitsa antchito ake kuti azisema miyala ya pafamupo. Ambiri mwa iwo anali ochokera ku Malawi, Mozambique, Zambia ndi Angola, Achewa ndi Ayao ali momwemo. Ntchito zawo zinafika m'nyumba zikuluzikulu zoonetsera zaluso ku Ulaya. Oikira kumbuyo mabungwe amati mwaona, antchito a pafamu anasanduka aluso odziwika. Otsutsa amafunsa kuti ogula anali ndani. Ochuluka anali azungu, ndipo oweruza kuti ichi ndiye chenicheni cha Africa analinso azungu, monga Frank McEwen, mkulu woyamba wa National Gallery. Wosema anazindikira msanga kuti mizimu ndi anthu osanduka nyama ndizo zimayenda malonda, pamene kapitawo wa pafamu kapena basi ya ku Salisbury palibe akanaiyang'ana. Alendo atachepa ku Zimbabwe m'zaka za m'ma 2000, osema ambiri anasowa pogwira, poti kwawo komweko ogula anali ochepa. Funso lomweli tingalifunse mwaulemu za ku Mua: wosema amene anakulira pa maguwa ndi mitanda, atasema chimene mpingo kapena mlendo sangakonde, angachigulitse kwa yani?

Chowawa kwambiri pa zonse ndi French Cultural Centre ya ku Blantyre. Kwa zaka zambiri amenewa ndiwo anali malo a zisudzo, ndakatulo, nyimbo ndi zojambula mu mzindawu. Magulu a zisudzo a Wakhumbata ndi Kwathu, oimba ndi alakatuli, onse anadutsa pa bwalo lake. Mu 2011 Afalansa anatseka malowa. Boma linawagula, koma asanayambe kusamalidwa bwino anthu anaba ndi kuononga katundu, ndipo kukonzanso kwatenga zaka zambirimbiri. Mzinda wonse unali utatsamira pa nyumba imodzi imene chiganizo choitseka chinamangidwira kutali. Otsutsa amati ndi mmene zimathera nthawi zonse: mwini ndalama akasintha maganizo ku Paris, ku Oslo kapena ku Washington, kuno nyale zimazima.

Nkhani yakuti akuluakulu a luso anadzitulukira okha ili ndi choonadi, koma si chonse. Daniel ndi Donald Kachamba anaphunziradi kunja kwa kalasi, koma kuti nyimbo zawo zijambulidwe n'kumveka maiko akutali panali Gerhard Kubik wa ku Austria, amene anakumana nawo mu 1967. A Madalitso Band anafika ku chikondwerero cha Sauti za Busara ku Zanzibar mu 2017 chifukwa wina anawamva mumsewu, n'kuwajambula, n'kutumiza nyimbo zawo. Ndipo chikondwererocho nacho chimayendetsedwa ndi bungwe. Du Chisiza Jr., amene Wakhumbata yake inaonetsa kuti munthu angadye zisudzo m'Malawi, anayambira pa mpikisano wa masewero a m'sukulu wa ATEM, wokonzedwa ndi aphunzitsi a Chingerezi. Giddes Chalamanda uja anakalambira mu umphawi ku Chiradzulu nyimbo zawo zikudziwika dziko lonse, ndipo ambiri anadzidzimuka mu 2020, Patience Namadingo ataimba nawo, kuti akuluwa nawonso amafunika kudya ndi pogona pabwino. Ngati umenewu ndiwo ufulu wa mumsewu, ine sindingaufunire mwana wa munthu aliyense. Komanso timawerenga okhawo amene anapirira mpaka anaoneka. Amene anasiya gitala n'kukayamba kabaza chifukwa panalibe wowagwira dzanja, maina awo palibe akuwadziwa, ndipo sitidzamva nyimbo zimene akanaimba.

Msika nawo suli mfulu monga otsutsa amaunenera. M'nthawi ya makaseti woimba ankadziwa kaimbidwe kamene kamayenda malonda kwa O.G. Issa ku Limbe, ndipo ambiri ankaimba mofanana kuti kaseti igulidwe. Lero ndi TikTok ndi mawailesi: nyimbo ikhale yovinika isanapite patali. Njovu za m'mbali mwa msewu zija sizinalamulidwe ndi bungwe lililonse. Aliyense amene amadya kuchokera ku luso lake ali ndi wina woti amusangalatse. Kusiyana n'kwakuti wina amasangalatsa oonera a kwawo, wina mlendo wodutsa, wina mkulu wa pulojekiti.

Ngakhale luso la uthenga si loipa lokhalokha. Sewero la pa kanema la Tikuferanji linkakamba za Edzi mosabisa, koma anthu ankathamangira kukaonera chifukwa Manganya anali munthu wamoyo, wochenjera, wolakwitsa, woseketsa. Sewero la pa wailesi la Zimachitika la Story Workshop linamvedwa m'midzi kwa zaka chifukwa olemba ake ankadziwa kukamba nkhani. Nthano za agogo athu nazo zinali ndi phunziro, ndipo palibe ananena kuti si luso. Vuto limabwera pamene uthenga ndiwo khomo lokhalo lolowera, wachinyamata asanadziwe chimene iye mwini akufuna kunena. Mlembi wokhwima angalandire ntchito ya bungwe n'kuiumba kuti ikhale yake. Wongoyamba kumene, ntchitoyo ndiyo imamuumba.

Ndikaika Mua, Balaka ndi Area 23 mbali imodzi, n'kuika mawekishopu a masiku atatu a kuhotela mbali ina, ndimaona kuti nthawi zambiri okanganawa sakukamba za chinthu chimodzi. Oikira kumbuyo akukamba za malo amene akhalapo zaka zambiri, okhala ndi denga, zida, ndi mphunzitsi amene adzakhalaponso chaka chamawa. Otsutsa akukamba za ndalama zimene zimabwera ndi mutu wa nkhani n'kutha pa miyezi 12. Thandizo loyambalo limapereka zinthu zosatchuka: chipinda, magetsi, nsambo za gitala, penti, matabwa, ndi munthu wokuuza kuti apa walakwitsa, bwereza. Zimenezi sizioneka bwino pa chithunzi cha mu lipoti, n'chifukwa chake opereka ndalama sazikonda. Kulipira lendi ndi malipiro a mphunzitsi kwa zaka 10 sikukoma kulengeza ngati kunena kuti tafikira achinyamata zikwizikwi m'chaka chimodzi. Apa mlandu ndimaupereka kwa eni ndalama kuposa kwa mabungwe athu, amene ambiri amavomera mitu ya nkhani imeneyi pofuna kupeza ya lendi yomweyo. Ndimaima ndi oikira kumbuyo mabungwe, koma mabungwe a mtundu woyambawo.

Pa nkhani ya oonera, komabe, otsutsa akunena zoona ndipo sindingawakanire. Bungwe limene limaphunzitsa mwana kuimba osamuimika pamaso pa anthu a kwawo olipira, ngakhale ndalama yochepa, lamusiya panjira. Ulendo wa ku Ulaya ndi wabwino, koma umatha pa milungu ingapo, ndipo wobwerako amapeza kuti ku Kawale sakumudziwa. Ojambula ndiwo ali pa mavuto aakulu zedi. Dziko lino lilibe nyumba ya boma yoonetsera zojambula ngati National Gallery ya ku Harare, yomwe inatsegulidwa mu 1957. Zoonetsa zambiri zimachitikira m'malo ogona alendo, kwa akazembe, kapena m'malo ang'onoang'ono ngati La Caverna ku Mandala. Samson Kambalu, amene chiboliboli chake cha John Chilembwe chinaimikidwa pa Trafalgar Square ku London mu 2022, ndi Billie Zangewa, wobadwira ku Blantyre amene amasoka zithunzi ndi nsalu ya silika ku Johannesburg, ndi maina aakulu kunja, koma Mmalawi wamba alibe koti akaonere ntchito zawo ndi maso. Bungwe lofuna kulera ojambula liyenera kuleranso ogula: mabanki, makampani, masukulu, mipingo, ndi mabanja amene amamanga nyumba zikuluzikulu ku Area 43 n'kupachika pakhoma chithunzi chosindikizidwa ku China. Ntchito imeneyi ndi yochedwa kubala, ndipo mabungwe athu ambiri sanaiyambe.

Ena amati yankho ndi ndalama zathu zomwe, zodzera m'boma. Zimbabwe ili ndi khonsolo ya zaluso kuyambira 1985, Zambia inakhazikitsa yake ndi lamulo la 1994, pamene aluso a kuno analirira khonsolo yotere kwa zaka zambirimbiri. Bungwe loona za umwini wa zaluso la COSOMA, lomwe linayamba ntchito mu 1992, linayendetsapo thumba lothandiza mabungwe a aluso ndi ndalama za dziko la Norway. Kenaka lamulo la umwini wa zaluso la 2016 linabweretsa msonkho pa zipangizo zosungira nyimbo ndi zithunzi, monga mafoni ndi mafulashi. Ndalama imeneyi ili ndi ubwino waukulu: imachokera m'matumba mwa Amalawi ogula mafoni, ndipo palibe kazembe angaitseke. Ine ndimaiona ngati chiyembekezo chenicheni.

Chikhalirecho, amene amakumbukira zakale sangaombe m'manja msanga. Lamulo la Censorship la 1968 linkafuna kuti sewero liyambe lawerengedwa ndi bungwe la boma lisanaonetsedwe. Magule a makolo anasandutsidwa nyimbo zotamanda mtsogoleri mmodzi, ndipo mlakatuli Jack Mapanje anakhala m'ndende ya Mikuyu kuyambira 1987 mpaka 1991 osazengedwa mlandu. Ngakhale m'nthawi ya zipani zambiri taona oimba akukwezedwa kapena kutsekeredwa pa wailesi malinga ndi mtundu wa nsalu imene avala pa msonkhano. Wopereka thandizo wakunja amakupatsa mutu wa nkhani, wandale amafuna dzina lake m'nyimbo, ndipo kwa wachinyamata amene alibe dzina lomuteteza chachiwirichi n'choopsa kwambiri.

Palinso nkhawa ina imene aluso sakonda kuinena poyera. Thumba la boma kapena la msonkho likamagawidwa kudzera m'mabungwe a aluso okhazikika okha, wongoyamba kumene adzapeza kuti akulu ake agawana kale. Sitingawadabwe akuluwo, poti nawonso akhala ndi njala zaka zambiri. N'chifukwa chake ndikanakonda gawo lina la ndalamazo litapatulidwa poyera kuti ndi la amene sanatulutsepo chimbale, sanaonetsepo zojambula zawo, sanaimikepo sewero m'holo yolipira. Fomu yake ikhale m'Chichewa, m'Chitumbuka ndi m'Chiyao, ndipo amene kulemba kumamuvuta aloledwe kutumiza mawu kapena kanema pa WhatsApp. Osankha azisinthidwa chaka ndi chaka, pakhale ochokera m'maboma a kutali ndi mizinda, ndipo maina awo pamodzi ndi a olandira azilengezedwa pa wailesi. Pa fomuyo pasakhale funso lakuti ntchito yako ithandiza bwanji chitukuko. Wachinyamatayo afunsidwe chimene akufuna kupanga, zida zimene akusowa, amene adzamuphunzitse, ndi kumene adzakaonetse akamaliza.